Funsani za Kuthambo: Nyenyezi Yofiira Yoyandikana ndi Akamwiniatsatana

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akufunsa za nyenyezi imodzi, Betelgeuse, yomwe nyengo ya dzinja imaoneka bwino madzulo kuno ku Blantyre mitambo ikapereka mpata. Tasankhamo angapo, ndipo ena tawafupikitsa.

Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina. Chithunzi cha gulu la Orion m'buku lathu chikusonyeza Betelgeuse pamwamba chakumanzere, koma tikatuluka panja ndi ana sitikuipeza pamenepo. Talakwitsa pati? — Mphunzitsi, Chilomoni

Aphunzitsi, simunalakwitse paliponse. Chithunzicho chinajambulidwa mmene amaonera anthu a kumpoto kwa ikweta, amene amayang'ana kummwera akafuna Orion. Blantyre ali madigiri pafupifupi 16 kummwera kwa ikweta, choncho ife timayang'ana kumpoto, ndipo gululo limationekera chadodolido. Tembenuzani bukulo mutu uloze pansi, muona kuti zagwirizana.

Musayambe ndi Betelgeuse. Yambani ndi Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zija zondondozana pamzere umodzi, zomwe makolo anaziona ngati akamwini otsatizana panjira. Mayina ake m'mabuku ndi Mintaka, Alnilam ndi Alnitak. Tambasulani mkono wonse, mufumbate chibakera: kutambalala kwa chibakeracho pathambo ndi madigiri pafupifupi 10, kaya ndi cha mwana kaya cha wamkulu, chifukwa mwini dzanja laling'ono mkono wakenso ndi waufupi. Gululo likakhala pamwamba inu mutayang'ana kumpoto, Betelgeuse ili chibakera chimodzi pansi pa Akamwiniatsatana, chakumanja. Ndi yofiirira ngati khala. Mbali inayo, chibakera chimodzi pamwamba chakumanzere, pali Rigel, yoyera mobiriwira. Kumanzere kwa Betelgeuse kuli Bellatrix, yochepako kuwala.

Gululo likamatuluka kumene kum'mawa limakhala logona cham'mbali. Apo Akamwiniatsatana amaima chilili, Rigel kumanja, Betelgeuse kumanzere ndi pansi pang'ono. Ana ambiri amasokonezeka apa, poganiza kuti ndi gulu lina.

Kuti mutsimikize, pitirizani mzere wa Akamwiniatsatana mbali zonse ziwiri. Mbali imodzi, zibakera ziwiri, mufika pa Sirius, nyenyezi yowala kuposa zonse usiku. Mbali inayo, zibakera ziwirinso, mufika pa Aldebaran, yofiiriranso, ndipo mukapitirira pang'ono mupeza Nsangwe zitaunjikana.

Nthawi yake ili chonchi pa wotchi yathu. Pa 1 Okutobala Betelgeuse imatuluka cha m'ma 11 koloko usiku, pa 1 Novembala 9 koloko, pa 1 Disembala 7 koloko. Tsiku lililonse imafulumira ndi mphindi pafupifupi 4, ndiye kuti maola awiri pamwezi. Imafika pamwamba penipeni cha m'ma 10 koloko pakati pa Januwale, 8 koloko pakati pa Febuluwale, ndi 7 koloko kumapeto kwa Febuluwale. Pamenepo imakhala madigiri 67 kuchoka pansi, kapena tinene zibakera ziwiri ndi pang'ono kuchoka paliwombo panu kulowera kumpoto. Kumayambiriro kwa Meyi imalowa kumadzulo 9 koloko isanakwane, ndipo pofika pakati pa Juni imakhala itasowa m'kuwala kwa dzuwa. Imabweranso m'bandakucha mu Julayi. Nthawi zotulukirazi n'za malo a see. Ngati kum'mawa kwanu kuli phiri la Ndirande, Mpingwe kapena Bangwe, wonjezerani theka la ola kapena ola lathunthu.

Tsoka lake, miyezi imene nyenyeziyi ili pabwino madzulo ndi yomwenso ya mvula. Komabe mvula ikakata madzulo thambo n'kuyera, usiku umenewo ndi wabwino kuposa wa Okutobala, pamene fumbi ndi utsi wa lupsa zimaphimba nyenyezi zonse za m'munsi.

Pa WhatsApp pakuyenda uthenga woti Betelgeuse iphulika chaka chino, ndipo kudzakhala madzuwa awiri, mbewu zidzapsa. Kodi n'zoona? — Mayi wa ku Bangwe

Mayi, limani mtima uli m'malo. Uthenga umenewu umabwera chaka ndi chaka, amangosintha deti.

Choona chake n'chakuti nyenyeziyi idzaphulikadi. Ndi yolemera kuposa dzuwa maulendo oposa 10, ndipo nyenyezi zolemera chotere zimatha nkhuni zake msanga. Dzuwa lili ndi zaka 4.6 biliyoni ndipo lidakali pakati pa moyo wake. Betelgeuse ili ndi zaka pafupifupi 10 miliyoni zokha koma yakalamba kale. Pakatikati pake haidirojeni, nkhuni zake zoyamba, anatha, ndipo akatswiri ambiri akuona kuti pano ikusandutsa hiliyamu kukhala kaboni ndi okosijeni. Zikadzatha izo idzayamba kutentha kaboni, kenako neon, okosijeni ndi silicon, gawo lililonse lalifupi kuposa linzake, mpaka pakati padzadzaza chitsulo. Chitsulo sichipereka mphamvu chikaphatikizidwa. Pamenepo chochirikiza kulemera kwa nyenyezi chimasowa, pakati pamagwera m'kati sekondi imodzi isanathe, zakunja n'kumwazika. Kuphulika kumeneku ndi kumene amati supernova. Chotsala mwachidziwikire chidzakhala kanyenyezi kothinana kwambiri, ka makilomita pafupifupi 20 m'mimba mwake, ngati kuchoka m'tauni kukafika ku Lunzu.

Liti? Akatswiri ambiri amati m'kati mwa zaka 100,000 zikubwerazi. Kunja kwa nyenyezi sikusonyeza gawo limene pakati pafika, ndiye munthu wokupatsani chaka, mwezi ndi tsiku akukunamizani.

Za madzuwa awiri n'zokokomeza. Idzawala pafupifupi ngati mwezi wa theka, kuwala konseko kutaunjikana pa kadontho kamodzi. Idzaoneka masana kwa miyezi ingapo, usiku idzaponya zithunzithunzi pansi, kenako idzazirala pang'onopang'ono. Kutentha kwake sikudzafika pa chimanga chanu. Kuwala kwa Betelgeuse kumatenga zaka zapakati pa 550 ndi 700 kuti kufike kuno, pamene kwa dzuwa kumatenga mphindi 8. Supernova yoti n'kuwononga mpweya wotiteteza iyenera kuphulikira pafupi kwambiri kuposa pamenepo.

Ena amafunsa kuti mwina inaphulika kale koma uthenga sunafike. N'zotheka, poti tikuiona mmene inalili zaka mazana angapo zapitazo. Koma yerekezani zaka 600 ndi zaka 100,000: mwayi wake sufika ngakhale 1 pa 100.

Mphekeserayi inakula chifukwa cha zimene zinachitika kumapeto kwa 2019. Nyenyeziyi inayamba kuzirala, ndipo pofika pakati pa Febuluwale 2020 inatsala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kwake kwa masiku onse, mpaka kufanana ndi Bellatrix. Pofika Epulo inali itabwerera. Zithunzi za telesikopu ya Very Large Telescope ku Chile, pamodzi ndi zimene telesikopu ya m'mlengalenga ya Hubble inayeza, zinasonyeza kuti nyenyeziyi inalavula mtambo waukulu wa mpweya, mbali ina ya nkhope yake inazizirako, mpweyawo unaundana kukhala fumbi, fumbilo n'kutitchingira. Gulu la Miguel Montargès linafalitsa zimenezi mu 2021. Inali ngati nyali yotchingidwa ndi utsi wake womwe.

Supernova yomaliza kuoneka ndi maso mu Mlalang'amba wathu inali ya 1604. Ya mu Febuluwale 1987 inaphulikira mu Large Magellanic Cloud, kamlalang'amba koyandikana ndi wathu komwe kamaoneka ngati kamtambo koyera kummwera, ndipo inkaoneka ndi maso kumayiko a kummwera ngati kuno. Kutatsala maola awiri kapena atatu kuti kuwala kwake kuoneke, makina a pansi pa nthaka ku Japan, America ndi Russia anagwira tizinthu totchedwa neutrino tochokera kumeneko. Betelgeuse ikadzaphulika, chenjezo lidzabwera motero.

N'chifukwa chiyani ili yofiira pamene inzake ija ndi yoyera? Yotentha kwambiri ndi iti? — Wophunzira wa Fomu 2, Zingwangwa

Mwanathu, yang'ana mbaula. Khala limene layamba kuzirala limafiira, lokolezedwa bwino limapita kuchikasu. Kenako yang'anira patali moto wa amisiri owotcherera zitsulo ku Ndirande: ndi woyera mobiriwira, ndipo ndi umene umatentha kuposa onse. Nyenyezi nazo n'chimodzimodzi. Kunja kwa Betelgeuse kumatentha madigiri a Celsius pafupifupi 3,300, kwa dzuwa 5,500, kwa Rigel pafupifupi 12,000. Yofiirayo ndiyo yozizirako.

Nanga ikuwala bwanji chonchi ili kutali chotero? Ndi kukula. Miyezo imasiyana, chifukwa mtunda wake ndi wovuta kuyeza ndiponso ilibe malire akuthwa, koma m'mimba mwake ndi maulendo 700 kapena kuposerapo kuyerekeza ndi dzuwa. Tenga mpira wamiyendo, masentimita 22, ukhale dzuwa, uuike pakati pa bwalo la Kamuzu Stadium. Dziko lathu likhala kanjere ka mamilimita 2, mamita 24 kuchoka pa mpirawo. Mars akhala pa mamita 36. Betelgeuse ikhala chimpira cha mamita oposa 150, chopitirira magolo onse awiri. Dziko ndi Mars zikhala m'mimba mwake. Ndiye chifukwa chake m'mabuku amaitcha supergiant, chimphona cha zimphona. Mphamvu imene imatulutsa ndi pafupifupi maulendo 100,000 ya dzuwa, ngakhale yambiri imatuluka ngati kutentha kumene maso saona.

Inali nyenyezi yoyamba, kupatula dzuwa, kuyezedwa kukula kwake. Albert Michelson ndi Francis Pease anachita zimenezi mu Disembala 1920 pa Mount Wilson ku California. Nkhope yake si yosalala. Imabwata ngati phala, matuza ochepa koma aakulu zedi akukwera ndi kumira, ndipo nyenyezi yonse imatukuka ndi kuphwa. Rigel nayo ndi supergiant, koma yabuluu, yaing'onoko, ndipo kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 860.

Dzinali ndi la Chiarabu, yad al-jawza, dzanja la al-Jawza, dzina limene Aarabu ankatchulira gulu la Orion. Okopera mabuku ku Ulaya anasokoneza chilembo choyamba, y n'kukhala b, ndipo cholakwacho chinakhazikika.

Mu Julayi ndinaona nyenyezi yofiira paliwombo penipeni cha m'ma 8 usiku. Inali Betelgeuse? — Mlonda, Limbe

Ayi bambo, imeneyo ndi Antares, ya m'gulu la Scorpius lopindika ngati mchira wa chinkhanira. Nayo ndi supergiant yofiira. Pakati pa Julayi imadutsa chibakera chimodzi kummwera kwa paliwombo cha m'ma 8:30, usiku umene Chiperoni sichinabweretse nkhungu. Nthawi imeneyo Betelgeuse ili pansi pa dziko. Ziwirizi zili mbali zotsutsana za thambo, ina ikamakwera inzake ikulowa. Inu amene mumachezera usiku wonse mungathe kuona zonse ziwiri mu Ogasiti: Antares madzulo, Betelgeuse itatuluka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha.

Tili ndi kalabu ya sayansi koma tilibe telesikopu. Kodi pali chimene tingayeze ndi maso okha? — Mtsogoleri wa kalabu, Machinjiri

Chilipo, ndipo pa nyenyezi yowala ngati iyi maso amachita bwino kuposa zipangizo zambiri, zomwe zimathobwa nayo. John Herschel anazindikira kusintha kwa Betelgeuse mu 1836 ali ku Cape, poiyerekeza ndi zinzake basi.

Kuwala kwa nyenyezi kumayezedwa ndi nambala yotchedwa magnitude, yomwe imayenda chobwerera: nambala yaing'ono ndiye yowala kwambiri. Kusiyana kwa 1 ndiye kuti kuwala kwasiyana kawiri ndi theka. Betelgeuse kawirikawiri imakhala cha pa 0.5, koma imayenda pakati pa 0.0 ndi 1.6. Zoyerekezera nazo ndi izi: Rigel 0.1, Procyon 0.4, Aldebaran 0.9, Pollux 1.1, Bellatrix 1.6. Procyon muipeza kum'mawa kwa Betelgeuse, zibakera ziwiri ndi theka, pamene ikupanga mafuwa atatu ndi Betelgeuse ndi Sirius. Pollux ili zibakera ziwiri ndi pang'ono kumpoto kwa Procyon.

Kachitidwe kake: sankhani nyenyezi imodzi yowala kuposa Betelgeuse ndi ina yochepa kuposa iyo. Tinene Procyon ndi Aldebaran. Pakati pa 0.4 ndi 0.9 pali masitepe asanu. Yang'anani Procyon, kenako Betelgeuse, kenako Aldebaran, mubwererenso, katatu kapena kanayi. Ngati ili pafupi ndi Procyon koma yochepa pang'ono, lembani 0.5. Ngati ili pakati koma yopendekera kwa Aldebaran, 0.7. Aliyense alembe yekha asanalankhule, chifukwa woyamba kutchula nambala amakokera gulu lonse kwa iye. M'kope mulembe deti, nthawi, nyenyezi zoyerekezera, nambala, ndi mmene kunalili: mwezi, nkhungu, magetsi. Kamodzi pa sabata n'kokwanira. Tsiku ndi tsiku mudzangokopera za dzulo osadziwa.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Diso likayang'anitsitsa chinthu chofiira mumdima, chimaoneka ngati chikuwalirawalira, ndiye woyang'anitsitsa amaipatsa Betelgeuse kuwala kumene ilibe. Ponyani diso kwa sekondi imodzi kapena ziwiri n'kuchotsa. Pa chifukwa chomwechi Aldebaran ndi yodalirika kuposa Rigel, poti mtundu wake ndi wofanana ndi wa Betelgeuse. Mwezi ukawala ngwee, zofiira zimaonekanso zowala kuposa zoyera, choncho masiku atatu kapena anayi ozungulira mwezi wathunthu asiyeni. Chachitatu ndi kutsika: nyenyezi ya m'munsi kuwala kwake kumadutsa mpweya wochuluka ndipo imazirala. Musayeze ngati imodzi mwa zitatuzo ili pansi pa zibakera zitatu. Betelgeuse imafika pamenepo patatha maola awiri ndi pang'ono itatuluka. Kamtambo kopyapyala nako kamanyenga, chifukwa sikaoneka usiku koma kamatchinga imodzi n'kusiya inzake. Mukaona nambala yadumpha ndi 0.4 pa sabata imodzi, kayikirani thambo musanakayikire nyenyezi.

Mukalimbikira kuyambira Ogasiti mpaka Meyi mudzaona manambala anu akukwera kapena kutsika. Nyenyeziyi ili ndi kayendedwe ka masiku pafupifupi 400, ndi kena kapang'onopang'ono ka zaka pafupifupi 6. Kachiwirika akatswiri akukalumikiza ndi kanyenyezi kakang'ono kozungulira pafupi kwambiri, komwe gulu lina linalengeza mu Julayi 2025 kuti lakajambula ndi telesikopu ya Gemini North ku Hawaii. Bungwe la ku America la oyang'ana nyenyezi zosinthasintha kuwala, AAVSO, lomwe linayamba mu 1911, limalandira miyezo ya anthu wamba pa intaneti kuchokera kulikonse.

Ndikufuna kugula bainokula kapena telesikopu kuti ndione Betelgeuse bwino. Komanso pa foni imangotuluka kadontho koyera. Ndichite bwanji? — Wowerenga wa ku Chirimba

Achimwene, ngati cholinga n'kuona nkhope ya Betelgeuse, sungani ndalama zanu. Mu telesikopu iliyonse yogula pasitolo idzakhalabe kadontho, kowala kwambiri basi. Chimene chipangizo chimakupatsani ndi zozungulira nyenyeziyo.

Bainokula ya 7x50 kapena 10x50 ndiyo yoyenera. Nambala yoyamba ndi kukulitsa, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Yopitirira 10 imanjenjemera m'manja mpaka nyenyezi zimavina. Zolembedwa manambala ododometsa, za zoom, ndi za magalasi opakidwa zofiira zisiyeni. Musanalipire, yang'anani mlongoti wa patali ndi maso onse awiri. Mukauona uwiri, kapena mutu ukayamba kuwawa, magalasi a m'kati anasuntha ndipo kukonza kwake n'kovuta. Walitsani tochi m'kati: timizere tonga ukonde wa kangaude ndi chuku, chomwe chimamera chipangizo chikasungidwa m'chikwama chonyowa m'dzinja. Mame akagwera pagalasi musapukute ndi malaya. Isiyeni iume yosatseka, kenako muisunge pouma.

Mukaipeza bainokulayo, khalani pampando, zigongono zitsamire pakhoma, muloze pa nyenyezi zitatu zazing'ono zimene zili pamwamba pa Akamwiniatsatana gululo likakhala kumpoto. Yapakatiyo si nyenyezi imodzi. Ndi Orion Nebula, mtambo wa mpweya momwe nyenyezi zatsopano zikubadwa, ndipo kuwala kwake kumatenga zaka zoposa 1,300. Udzaoneka wotuwa, osati wofiira ngati pa zithunzi, chifukwa diso siliona mitundu m'kuwala kochepa. Mu telesikopu ya galasi la mamilimita 70 kapena 80 mudzaonamo nyenyezi zinayi zothinana zotchedwa Trapezium. Maso amafuna mphindi 20 mpaka 30 mumdima kuti azolowere, ndipo kungoyang'ana foni kamodzi kumabwezera zonse pambuyo. Kutani tochi ndi pepala lofiira la pulasitiki. M'tauni magetsi akazima ndi mwayi wanu, apo ayi pitani cha ku Mpemba kapena kupitirira Lunzu mwezi ukakhala kumdima. Bainokula isalozedwe padzuwa ngakhale kamodzi, ndipo ana auzidwe zimenezi asanaigwire.

Za foni: tsegulani Pro kapena Manual pa kamera. ISO ikhale 800 mpaka 1600, nthawi masekondi 8 mpaka 10, focus pa chizindikiro cha kutali kwambiri, flash yozima. Foni ikhale pa tripod kapena itsamire pa thumba la mpunga, ndipo ikani timer ya masekondi 3 kuti chala chisaigwedeze. Mukapitirira masekondi 15 nyenyezi zimasanduka timizere, chifukwa Orion ili pa ikweta ya thambo pomwe nyenyezi zimaoneka zikuyenda mofulumira kuposa pena paliponse. Kuyera kumene mukudandaulako kumabwera chifukwa kuwala konse kwagwera pa timadontho tochepa ta kamera n'kutidzaza mopitirira. Tsitsani ISO kufika 400, kapena bwezani focus pang'ono kuti nyenyezi ikhale kabwalo kakang'ono. Kufiira kwa Betelgeuse ndi kubiriwira kwa Rigel kudzatuluka. White balance musaisiye pa Auto, poti magetsi a mumsewu amaisokoneza. Ikani pa chizindikiro cha dzuwa. Zoom yotsina ndi zala siwonjezera kanthu.

Mu Novembala ndinaona chinthu pamwamba pa phiri la Mpingwe chikuthwanima mofiira, mobiriwira ndi moyera, osasuntha. Anzanga akuti ndi ndege ya afiti. — Wowerenga wa ku Soche

Ndege yopita ku Chileka imasuntha ndipo pakatha mphindi zochepa yapita. Chimene munaonacho, ngati chinali chowala kwambiri, ndi Sirius, yomwe imatuluka pambuyo pa Akamwiniatsatana, m'munsi mwawo chakumanja. Nyenyezi ikakhala m'munsi, kuwala kwake kumadutsa mpweya wotentha ndi wozizira wosakanikirana, umene umakupinda ndi kukugawa mitundu. Betelgeuse nayo imachita zomwezo ikamatuluka, ngakhale mochepera. Pulaneti ngati Mars kapena Jupiter siithwanima chotero, ndipo iyi ndi njira yachangu yosiyanitsira Mars ndi nyenyezi zofiira.

Itanani anzanuwo usiku wina. Imani malo amodzi, muike chizindikiro pa nthambi kapena padenga pamene chinthucho chili, mubwerenso patatha ola limodzi. Chidzakhala chitakwera chibakera chimodzi ndi theka, ndipo kuthwanima kudzakhala kutachepa. Mawa lake chidzafika pa nthambi yomweyo mphindi 4 nthawi ya dzulo isanakwane.